Diso Lakumanzere la Telala wa pa Nsipe

A Hafiz anali telala wa pa Nsipe, ndipo ankasokera pakhonde la golosale ya mlamu wawo. Masiku a msika ankamanga zitenje ndi mayunifolomu pakeliyala n'kutsetserekera ku Bwanje pa njinga. Atapitirira zaka makumi asanu, ulusi unayamba kukana kulowa pasingano. Akazi awo, a Zuleka, ndiwo ankawalowetsera mwakachetechete makasitomala asanaone.

A Hafiz anapita ku Ntcheu boma, kushopu ina ya magalasi. Mayi amene anawayeza, a Janeti, anawaonetsa magalasi owerengera okha, ena a mzere pakati, ndi ena opanda mzere, oti pamwamba munthu aziona kutali, pansi aziona za m'manja. A Hafiz anasankha opanda mzerewo, poti sankafuna kumavula ndi kuvala akachoka pamakina kupita panjinga. A Janeti anawachenjeza kuti m'mbali mwa magalasi otere zinthu zimaoneka ngati zikuyandama, choncho azitembenuza mutu wonse, ndipo asakwere njinga maso asanazolowere. Kenako anawaunika m'diso lakumanzere ndi kanyali, n'kukhalitsa pamenepo kuposa diso linalo.

"Bambo, kwanu alipo amene anasiya kuona atakula?"

Iwo anati malume awo okha. A Janeti anawauza kuti apite kuchipatala msanga. A Hafiz anangovomera ndi mutu, mtima uli pa mayunifolomu, poti sukulu zinali pafupi kutsegulira.

Pamakina magalasiwo anawakomera. Vuto linali panjira. Potsika mtsetse, nthaka ya kutsogolo kwa tayala inkatukumuka n'kuphwa. Cha kumanzere zinthu zinkangotulukira ngati zamera pansi: mayi wosenza nkhuni, mbuzi, mwina njinga inzake. Anadandaulira akazi awo kuti kushopu kuja anawagulitsa magalasi achabechabe. A Zuleka anayankha motsitsa mawu kuti chaka chatha, magalasi kulibe, a Hafiz anali atayamba kale kugunda mphuthu ya chitseko ndi phewa lakumanzere lomwelo. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Tsiku lina masana ku Bwanje, dzuwa likuswa mtengo, ngolo yodzaza matumba a mpunga inatulukira m'kanjira ka kumanzere. A Hafiz anamva mwini ngolo akukuwa, koma sanaone kanthu mpaka nyanga ya ng'ombe itawakwapula pamkono. Anagwera m'ngalande, zitenje mbwee m'matope.

Atadzuka anavula magalasi mwaukali. Kenako, osadziwa chowachititsa, anatseka diso lakumanja ndi chikhatho. Chigwa chonse chinatsala kamalo kakang'ono, ngati akusuzumira m'paipi. Ng'ombe zinali pompo, ankazimva kupuma, koma m'diso munalibemo. Magalasi anali m'manja.

Njinga anachita kukankha mpaka pamsewu waukulu. Kuchipatala adokotala anawauza kuti madzi a m'diso achuluka mphamvu ndipo akupha mtsempha pang'onopang'ono. Zimene zinapita sizidzabwereranso, ndipo diso lakumanja nalo linali litayamba. Anawapatsa mankhwala odontheza moyo wawo wonse.

Lero a Hafiz akusokabe, magalasi omwewo ali kumaso. Ku Bwanje amapita pa minibasi, ndipo makina anawatembenuza kuti anthu aziwafikira cha kumanja. M'mawa asanayambe ntchito amatseka diso lakumanzere n'kuyang'ana mtengo wa mango wa kutsidya kwa msewu. Nthambi zina za m'mbali zinasiya kuoneka, koma a Hafiz sanawauzebe a Zuleka.