Ndodo ya Nkandankhuku ya pa Tsindwi

Pa tsindwi la khonde lathu, kufupi ndi Chongoni, pankakhala ndodo ya nkandankhuku. Abambo ankaidula okha m'mphepete mwa nkhalango ya paini, ndipo ikauma ankakadula ina. Minga yake inali yokhota ngati mbedza. Ikalowa m'mwendo inkatuluka ndi khungu.

Chaka china abambo ntchito yocheka matabwa kuphiri inawathera, ndipo ndodo inkatsika pafupifupi tsiku lililonse. Mbuzi ikalowa m'dimba, wokwapulidwa ndinali ine. Ndiwo zikachepa mchere, anali amayi. Ndimakumbukabe kulira kwa ndodoyo m'mwamba, fyuu, amayi atabisa nkhope m'chitenje osatulutsa mawu. Anthu akawafunsa za zipsera ankati, "Ndi minga ya kunkhuni."

Tsiku lina aphunzitsi anati aliyense abweretse nthambi ya chomera cha m'tchire. Ine ndinaiwala, ndiye m'mawa ndinangosolola ya pa tsindwi ija, ikadali yaiwisi, timasamba tili kunsonga.

Aphunzitsi anaikweza mokondwa kalasi yonse ikuona. Anati iyi si nkandankhuku yathu ya makolo. Anatembenuza tsamba kutionetsa kuti kunsi n'koyera mbuu, napukuta tsinde, chala n'kutuwa ngati chagwira ufa. Anati inachokera kumaiko akutali, mbalame n'kumwaza njere zake phiri lonse, ndipo zipatso zake zikapsa zimada bii. Kenako chala chinafika pamene minga inathyokathyoka, magazi ataumirapo. Anayang'ana miyendo yanga.

Ndinamva nditakula kuti tsiku lomwelo aphunzitsiwo anatumiza uthenga kwa amalume ku Chimbiya. Loweruka amalumewo anafika pa njinga, ndipo mpando anaukana. Abambo anatola mpini wa khasu n'kuwamenya nawo paphewa. Amalume anawagwetsera pa mtondo, nawakhoma zibakera mpaka dzino linagwera m'fumbi. "Pano ndi pa mlongo wanga," ankatero pa chibakera chilichonse. Lero ndimaona kuti anabwera mochedwa kwambiri.

Abambo ananyamula bulangete ndi sowo yawo, natsika njira ya kumsewu akulavula magazi. Ndinawathamangira ndikulira mpaka kumtsinje, koma sanacheuke. Nditabwerera ndinapeza amayi akutsuka miyendo pabwalo dzuwa likuswa mtengo, chitenje atakweza mpaka m'maondo, zipsera zili poyera, anthu akudutsa. Ndinachita nawo manyazi, ndipo ndinawakwiyira masiku ambiri chifukwa sanalire.