Kobaluti ndi Nikelo pa Chipupa cha Sukulu

Ba Webster Mwenya amalemba zikwangwani ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka. Mukadutsa kumsika n'kuona nkhuku yonenepa yojambulidwa pa butchala, kapena mitu ya amuna ometa bwino pa chipupa cha shopu yometera, dziwani kuti ndi dzanja lawo. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Mkazi wawo, ba Ennie, amene amawaitana bashi Tiza potengera dzina la mwana wawo, amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, mumsika momwemo.

Anabadwira ku Kitwe, kumene atate awo ankagwira ntchito yosungunula mkuwa. Mgodi utachotsa anthu ambiri, banja linasamukira ku Lusaka, ndipo ku sekondale ba Webster anakhala desiki imodzi ndi mnyamata wa Chitonga, Nchimunya Hamoonga. Phunziro la kemisitiri linkamuzunguza mutu Nchimunya. Ba Webster ankalimwa ngati madzi. Pa buleki ankakhala pansi kuseri kwa kalasi, n'kujambula atomu pafumbi ndi tizitsekero ta mabotolo. Ankamuuza mnzawoyo kuti pakati pali mapulotoni ndi manyutuloni, kunja kumazungulira maelekitiloni, awiri mu mzere woyamba, asanu ndi atatu mu wachiwiri. Ukawerenga mapulotoni wadziwa kale kuti ndi elementi iti, kaya chitsulo, kaya mkuwa. Ndipo maelementi okhala mu mzere umodzi wotsika pa tebulo amachita zofanana, chifukwa maelekitiloni awo akunja ndi ofanana kuchuluka.

Atate a ba Webster anamwalira iwo ali Giredi 11, sukulu inathera pomwepo. Nchimunya anapitiriza, anapita ku koleji, ndipo lero ndi mkulu wa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ya tchalitchi china cha Pentekositi mu Mtendere momwemo. Amayenda pa kagalimoto kotuwa. Kakadutsa pamsika ba Webster amakweza dzanja, koma amakayang'ana ndi kaduka mpaka fumbi litatha.

Chaka chatha ba Nchimunya anaimitsa galimotoyo pa kashedi ka ba Webster, atanyamula pepala lalikulu lolembedwa pamanja.

"Mwana, nili na nchito yako," anatero, akuwaitana "mwana" monga amaitanirana mabwenzi. "Nifuna unilembeleko tebulo ya maelementi pa chipupa cha sukulu, ikulu, bana baziiona akalibe kungena mu kilasi. Usavutike kumvesa vonse ivi. Ungokopela chabe mwamene vilili."

Ba Webster analandira pepalalo akuseka, koma mawu akuti "ungokopela chabe" anawapweteka.

Anayamba Lolemba. Anagawa chipupa m'timabokosi zana limodzi ndi khumi ndi tisanu ndi titatu, zitsulo anazipatsa utoto wabuluu, mipweya wachikasu. Lachiwiri masana anafika pa mzere wachinayi. Analemba chitsulo, nambala 26, n'kuyang'ananso papepala. Pa 27 ba Nchimunya anali atalemba nikelo, pa 28 kobaluti. Ba Webster anaima pamakwerero, bulashi ili m'manja. Mwana wa ku migodi sasokoneza kobaluti. Kobaluti ndi 27, nikelo 28, mkuwa 29. Ofesi ya aphunzitsi inali pafupi, ankatha kumva ba Nchimunya akuseka ndi anzawo. Anaviika bulashi mu utoto n'kulemba monga zinalili papepala.

Atauza mkazi wawo, ba Ennie anasiya kupinda malaya.

"Nanga simunabauze?"

"Ananiuza kukopela chabe. Nakopela."

"Iyo ni jelasi, bashi Tiza. Munthu akupasani nchito, imwe mumukumbila mugodi."

Ba Webster m'maganizo ankaona kale tsiku limene munthu wina wophunzira adzaloza chipupacho n'kufunsa kuti mphunzitsi wake ndani.

Tsikulo silinachedwe. Loweruka kunali msonkhano wa makolo, ndipo mwini sukulu, ba Pasita Nkole, anatengera anthu onse kukaona chipupa chatsopano. Ba Webster anaitanidwanso, anaima kumbuyo. Makolo anaomba m'manja, ba Pasita anayamikira ba Nchimunya kwa nthawi yaitali, dzina la wolemba sanalitchule. Kenako mtsikana wina wa Giredi 12, Inonge, anakweza dzanja ali ndi pepala lakale la mayeso lokhala ndi tebulo lomwelo.

"Ba Ticha, apa monga palakwika. Mu pepala yanga kobaluti ili pa 27."

Nthawi imene ba Webster ankaidikira inali itakwana. Koma ba Nchimunya asanatsegule pakamwa, ba Pasita anaseka.

"Aa, ni ba penta aba. Tibakhululukile. Kuli beve ivi ni vilembo chabe, monga kulemba mutengo wa soseji."

Anthu anaseka, ena anatembenuka kuwayang'ana. Ba Webster sanaganizepo n'komwe kuti mlandu ungagwere iwo. Anapezeka ali kutsogolo.

"Ba Pasita, niziba bwino vamene nalemba. Nikelo ipepukako pang'ono kupambana kobaluti, ndiye ngati ukonka kulema, uzaiika pasogolo. Koma tebulo iyi siikonka kulema, ikonka mapulotoni. Kobaluti ili na 27, nikelo 28. Pepala yamene banipasa ni iyi."

Anatulutsa pepala lija m'thumba la ovolosi n'kulitambasula. Ba Nchimunya analitenga, analiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu.

"Nalakwisa ndine," anatero. "Ninakopela pa mundandanda wa kulema, ninali mu changu. Inonge, wachita bwino. Ndipo muzibe kuti aba ba Mwenya ndiye bananiphunzisa kemisitiri tili Giredi 10. Popanda beve sembe sininapase."

Makolo anaombanso m'manja, tsopano mwamphamvu, ndipo mayi wina anati mphunzitsi wodzichepetsa chotere ndi wosowa. Ba Webster anamva kuwawa koposa pamene ankasekedwa. Ngakhale kulakwa kunamubweretsera ulemu munthuyu.

Anthu atabalalika, ba Nchimunya anawapeza pageti.

"Unaona liti?"

"Pa Chibili."

"Ninali mu ofesi apo pafupi, Webster."

Atatero, ba Nchimunya anatembenuka. Analowa m'galimoto n'kupita.

Lolemba ba Webster anabwera ndi utoto, anafafaniza mabokosi awiriwo n'kulemba bwino. Kuyambira pamenepo ba Nchimunya akadutsa pamsika amangoliza hutala, saimanso, ndipo akakumana ku maliro amawatcha "ba Mwenya", osati "mwana". Ba Ennie anakhala sabata yonse akuwayankha mwachidule, chifukwa nkhaniyo inafika mpaka kwa amayi anzawo a salaula.

Chimene ba Webster sanayembekezere ndi Inonge. Anabwera ku kashedi ndi anzake awiri, makope ali m'manja, kudzafunsa chifukwa chake sodiyamu amaphulika m'madzi pamene mpweya wa agoni sugwirizana ndi chilichonse. Ba Webster anawafotokozera akupaka chikwangwani cha saluni, za elekitiloni imodzi yakunja yosavuta kuchoka, ndi za mzere wodzaza kale. Atsikanawo anamva, ndipo Inonge atalemba mayeso n'kuchoka, anabwera ena a m'mbuyo mwake. Masiku ano Lachisanu masana pa kashedipo pamakhala ana anayi kapena asanu.

Ba Webster salipiritsa ndipo amaphunzitsa ndi mtima wonse. Koma asanayankhe funso lililonse amayamba afunsa kuti, "Nanga ba Ticha banu banakamba chani pali ivi?" Amatenga kope la mwanayo, n'kuwerenga manotsi a ba Nchimunya pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Mpaka lero sanapezemo cholakwika china.