Kamzere ka Malume Ndinakaona

Inu owerenga, ku Malomo kuli munthu amene amandithokoza tikakumana, chonsecho amene anamupundula ndine. Ndasunga chinsinsichi zaka zambiri, ndipo chandidya mokwanira.

Kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, ndipo munda wathu unachita malire ndi nkhalango. Malume anga pomwalira anandisiyira mfuti ya gogodera, ija yothira onga ndi chipolopolo kukamwa, kenako n'kukankha ndi ndodo yachitsulo. Pandodopo malume anali atadula kamzere ndi tupa. Ankati kamzereko kakapanda kutsika mpaka pakamwa pa mfuti, ndiye kuti chipolopolo chatsakamira panjira, sichinakhale pa onga, ndipo mfuti yotero saiwomba. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwina.

Chaka china nguluwe zinatithera mtedza. Amuna a mlongo wanga, a Jailosi, telala wa pa Malomo, ankadziwika kuti akalozetsa mfuti saphonya. Tinapangana kuti abwere Loweruka m'mawa, ine n'kudzitama kuti aipeza mfutiyo ili yothira kale.

Koma mfuti ija inali itakhala kudenga miyezi yambiri osapukutidwa, m'kati muli dzimbiri lokhalokha. Chipolopolo chinangolowa pang'ono n'kukana. Ndinagogoda ndodo ndi mwala mpaka thukuta kamukamu, koma kamzere kanali kakadali pamwamba ndithu. Musaganize kuti sindinakaone. Ndinakaona ndi maso angawa.

Ndili pomwepo ndinamva belu la njinga. Ndinazula ndodo ija msanga n'kuiponya pa udzu.

"Alamu, mwaithira bwino?" anafunsa a Jailosi.

"Zonse zili m'malo, alamu," ndinatero.

Anali manyazi basi, kuopa kuti akandiseka pamaso pa mlongo wanga kuti mfuti ya malume yandikanika.

Kumapeto kwa munda tinaipezadi nguluwe ikufukula. Alamu anagwada, n'kulozetsa, n'kuwomba. Kulira kwake sikunali kwa mfuti ayi. Utsi utachoka ndinaona mpope wa mfuti utang'ambika, nguluwe itathawa, alamu atakhala pansi akuyang'ana dzanja lawo lamanzere osalira n'komwe. Ndinawamanga ndi malaya anga n'kuwakweza pa njinga. Kuchipatala analidula dzanjalo.

Mfuti anaitenga apolisi. Anthu onse, ngakhale alamu eni ake, anati vuto linali ukalamba wa mfutiyo, ndipo ine ndinavomereza nawo. Makina osokera a alamu ali pakona mpaka lero, ofunditsidwa chitenje. Mlongo wanga ndiye akudyetsa banja ndi tomato wa pamsika.

Ine mtendere ndilibe. Wina akamakhoma msomali, m'makutu mwanga mumamveka mwala uja ukugunda ndodo. Ndodoyo ndinakaitola pa udzu paja, ndipo ndalephera kuitaya.

Abale anga, mfuti zam'midzizi zisiyeni. Chipolopolo chikakana kutsika musakakamize, ndipo musampatse mnzanu chinthu chimene mtima wanu ukukayikira. Kunena kuti zandikanika kukanandichititsa manyazi m'mawa umodzi wokha.

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, alamu anandikoka ndi dzanja lawo lotsalalo n'kundiimika pamaso pa abusa atsopano. "Abusa, awa ndi alamu anga. Pakanapanda iwowa, bwenzi nditafera kumunda."

Abusa anandigwira chanza, ndipo ine ndinamwetulira.