Ufa Woyaka ndi Madzi

Sukulu inandithera pa ufa wosadzaza n'komwe sipuni. Unali wotuwa ngati phulusa, dzina lake lithiyamu aluminiyamu haidiraidi. Ku koleji, chaka chachiwiri, mphunzitsi wa kemisitiri anatiuza kuti ufawu umapatsa mankhwala ena haidirojeni, asidi n'kusanduka mtundu wa mowa. Anatinso usakhudzane ndi madzi. Ndinalemba m'kope, koma m'mutu sizinalowe.

Ine ndinakulira ku Chiromo. Kwathu ukamaliza ntchito umatsuka: mpeni wotumbulira milamba, bwato lija timati mwadiya, manja. Tsono ufa utatayikira patebulo, ndinatenga kansanza konyowa n'kupukuta. Unachita thovu, kenako moto buu. Ndinachita zomwe aliyense wa kumtsinje akanachita, ndinathirapo madzi. Motowo unakula n'kugwira makope ndi katani. Mphunzitsi anandikankha n'kuuzimitsa ndi ndowa ya mchenga.

Anandipatsa kalata yondiimitsa. Kuti ndibwerere, kholo langa linkayenera kukaonekera kwa akuluakulu a koleji sabata ziwiri zisanathe.

Bambo ndinawapeza pansi pa mtengo wa masawu akusoka ukonde. Chingerezi sawerenga, choncho ndinawafotokozera ndekha. Anamvetsera osaleka kusoka. Kenako anafunsa ngati ndinathira palafini kapena petulo. Ndinati madzi. Anafunsanso. Ndinati madzi a pampopi.

"Madzi ndawaonapo akugumula mlatho wa sitima, ndawaonapo akunyamula ng'ombe," anatero. "Koma kuyatsa moto? Nkhabe, sizingatheke. Unaledzera iwe, nena zoona."

Ndinayesa kulongosola za haidirojeni, koma ndinasokonezeka pakati, poti ineyo mpaka lero sindidziwa ngati imachokera mu ufa kapena m'madzi. Amalume, omwe amadula nzimbe ku esiteti, anali pomwepo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati tiyambe kuwamba nsomba m'kati mwa Shire momwemo, tisavutikenso ndi nkhuni.

Bambo anati adzapita tsiku limene ndidzanene zoona. Ndikanangovomera kuti ndinaledzera, akanandikalipira n'kukwera minibasi m'mawa mwake kukandipepesera. Ndinkadziwa bwino zimenezo. Masiku onse aja ndinkatsegula pakamwa kuti ndiname, mawu osatuluka. Kaya kunali kunyada, kaya uchitsiru, musandifunse.

Tsiku lomaliza la sabata ziwiri zija bambo anadzuka n'kuima pakhomo nthawi ndithu, akundiyang'ana. Kenako anatola nkhafi n'kulowera kudambo.