Boti limene tinaviika

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anabweretsa boti pa ngolo ya ng'ombe, ine ndili mu Sitandade 4. Silinali bwato wamba ayi. Linali boti laliwiro, lija limakoka alendo pamadzi, ndipo analitola kuseri kwa loji ina imene inatsekedwa ku Senga Bay. Mutu wake unali wosongoka, thupi lake la matabwa opyapyala omatikiza, aja timati pulayiwudi. Penti inali itasupuka, m'kati mukununkha zitosi za nkhuku.

Ababa anali msodzi kuyambira ubwana wawo, koma sitiroko inawafooketsa dzanja lamanja, moti nkhafi sankathanso kuigwira. Amalume a ku Khombedza anali atalonjeza kuwabwereka injini yakale. Boti limeneli ndiye inali njira yokhayo yoti ababa abwererenso panyanja, ndipo tonse pakhomo tinkadziwa.

Ine ndinakhala dzanja lawo lamanja. Ndikaweruka kusukulu ndinkapala penti ndi chibenthu cha botolo, kukwecha ndi sandipepala mpaka zala kuchita matuza, iwo akundilozera pomata guluu. Fumbi lake linkandiyetsemulitsa, koma abale inu, ndinkanyada! Anzanga akamasewera fulaye, ine ndinali kalipentala.

Titamaliza, ababa anati tiliviike. Kwathu kunyanja aliyense amadziwa kuti boti la matabwa likauma umalimiza m'madzi, matabwa amatupa, ming'alu n'kutsekeka. Amayi anayesa kunena kuti bwanji tifunse kaye kalipentala wa ku boma.

"Mayi a Asiyatu, ine ndinabadwira m'bwato," anatero ababa. "Ndikafunse munthu wokhoma mipando?"

Tinalikankhira padooko, ndipo miyala yolimizira ndinatuta ndine, ndikuimba.

Tsiku lolivuula asodzi anzawo anasonkhana kudzathandiza. Kalanga ine! Pulayiwudi inali itafufuma n'kumatuka ngati zikamba za anyezi. Ndinangokhudza m'mbali, chala n'kulowa. Wina anaseka, anzake n'kumutsatira. Ine ndinalira ndi ukali, ndipo ndinatola mwala kuti ndigende mkulu amene anayambitsa kusekayo.

Ababa anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere.

"Asiyatu, taya mwalawo. Asiye aseke, akuseka zoona." Kenaka anatembenukira kwa anthuwo. "Akuluakulu, mtengo uwu sindimaudziwa. Ndinauyesa mlombwa. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndadya ndi mbale yomwe."

Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina tsopano. Mkulu uja ndi amene anayamba kugwira chingwe, ndipo onse analinyamula boti lija kukalitula pansi pa mtengo wa mango kwathu. Titafika, ababa ananena mawu omwewo kwa amayi, ana tikumva.

Pulayiwudi ina sitinaipeze. Injini amalume anabwereketsa wina. Ababa sanabwererenso panyanja mpaka Mulungu anawatenga, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali lakuti pulayiwudi saviika. Tsopano ndikuona kuti ndinaonerera chinthu chosowa: munthu wamkulu, chiyembekezo chake chitangoola m'manja, akuima pamaso pa anzake, mkazi wake ndi mwana wake n'kuvomera kuti sankadziwa. Lero ndapitirira msinkhu umene ababa anali nawo nthawi ija, ndili ndi ana anga, manja onse awiri ndi amphamvu. Koma mawu oti "sindimadziwa" amandikakamirabe pakhosi.