Bulaketi ya Apongozi

Pa zonse zomwe ndapanga pa kompyuta, chomwe ndimanyadira kwambiri ndi kantchito kakang'ono ka apongozi anga.

Iwo ndi mlembi wa gulu la alimi a mtedza kufupi ndi Tamanda. Ndinawalembera pulogalamu yosankha matumba oyenera kusungidwa ngati mbewu, ndipo mkati mwake ndinaikamo kachilankhulo ka makompyuta koti azisinthira okha malamulo chaka ndi chaka: chinyontho chikapitirira apa, thumba likanidwe. Anaphunzira msanga, poti ndi mayi wamakani. Chibwana chinali changa. Akangoiwala kutseka bulaketi imodzi, kachizindikiro kokhota kotsekera mawu kaja, pulogalamu yonse inkangoti zii, n'kusiya mawu a Chingerezi omwe ngakhale ine ndinkakanda nawo mutu.

Zinachitika kawiri alimi ali pamzere ndi matumba awo. A komiti anayamba kunong'onezana kuti mayiwa akalamba, udindo upite kwa wina. Ndinamvera kwa mkazi wanga, chifukwa kwathu mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi, nanji kuwauza kuti alakwitsa. Ndikanayambira pati? Ndinapsa mtima ndi a komitiwo, koma manyazi aakulu anali anga.

Ndinakhala masiku atatu kunyumba ku Nabvutika ndikukonza. Ndinaiphunzitsa pulogalamuyo kuti iziyamba yawerenga lamulo latsopano isanaligwiritse ntchito. Likakhala ndi cholakwika isazime, ipitirize ndi lamulo lakale, n'kuloza mzere womwe wavuta. Mauthenga ndinawalemba m'Chinyanja, ndipo apa m'pamene ndinatuluka thukuta, podziwa yemwe adzawerenge. Nditafufuta kangapo ndinasiya akuti: "Pepani amayi, zikuoneka ngati pa mzere wachinayi bulaketi sinatsekedwe."

Tsiku losankha mbewu ndinapita, n'kukaima patali pafupi ndi njinga za alimi ngati wodutsa. Ndinawaona apongozi akulemba pa kompyuta, kenako manja anaima. Anavala magalasi, anawerenga, anadina kamodzi, matumba n'kupitiriza kukwera pasikelo. Wapampando, yemwe ankatsogolera manong'onong'o aja, sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu. Ine ndinamwetulira ndekha mpaka masaya kuwawa.

Pobwerera, mkazi wanga anandipatsa uthenga wochokera kwa mayi ake.

"Akuti pulogalamu ili bwino. Koma muchotse 'pepani' ndi 'zikuoneka ngati'. Akuti alibe nthawi yonyengereredwa, chaka chamawa ali ndi malamulo ena asanu oti alembe."