Mkuwa wa Lole ya a Sixpence

M'komboni ya mgodi wakale kufupi ndi Connemara, kudziko la olankhula Chishona, a Nehemiya Kamwaza ankadziwika ndi zinthu ziwiri: ukali ndi zidole. Koma liwu lachiwirilo musalitchule iwo akumva. Mayi wina wa ku tchalitchi anayesapo, nati, "Ha, sekuru akusewera ndi zidole," ndipo anachoka osatsanzika, patapata mmodzi atatsala pakhonde.

Sizinali zidole ayi. A Kamwaza ankamanga timagalimoto tankhondo tokwana pachikhato, chilichonse pamalo pake mpaka mabawuti. Lusoli analitola kwa kapitawo wachizungu pa nthawi imene ankakonza mapampu a mgodi. Pochoka m'dziko, mzunguyo anawasiyira katoni ya tizidutswa ta pulasitiki ndi chibuku cha chikuto cholimba ngati thabwa, chodzaza zithunzi za malole a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kenaka mgodi unatseka. Penshoni inasanduka mapepala oyatsira moto. Pachitupa chawo panalembedwa kuti ndi mlendo, munthu woti mchombo wake unagwera m'komboni momwemo. Zonsezi ankazikalipira m'mawa uliwonse, mokweza, akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba, kenaka n'kukakhala pa tebulo lawo.

M'bukumo munali tsamba limene linada ndi zala zawo. Panali lole yofanana ndi imene bambo awo, a Sixpence, ankati anayendetsa ku Burma. A Sixpence anachokera ku Ntcheu wapansi, anakamenya nkhondo ya eni, anabwera n'kulowa pansi pa mgodi, namwalira akutsokomola, osasiya m'mbuyo ngakhale chithunzi chimodzi. A Kamwaza analumbira kuti amanga lole imeneyo kuti m'nyumba mukhale chinthu cholozapo akamatchula dzina la bambo awo. Ndipo anali pa liwiro. Ng'ala inali itatseka kale diso lakumanzere, lakumanja nalo linayamba kuona ngati kunja kuli utsi.

Thupi la lole linatha bwinobwino. Chinatsala ndi nkhope: tizitsulo ta kutsogolo kwa injini, timatcheni, zogwirira magalasi. Pulasitiki sangapyapyale chotero. Zimenezi amazigulitsa padera kumayiko akunja, zosindikizidwa pa timapepala ta mkuwa wachikasu. Ndiye tsiku lina mlongo wawo Leticia anaimba foni kuchokera ku Mangalande, kufunsa chimene angatumize. Akazi awo, a Salome, anaima pambali akunong'ona, "Mafuta ophikira, sopo, shuga." A Kamwaza anatsokomola n'kutchula mkuwa, nambala yake ndi dzina la lole. A Salome anangowayang'ana, ndipo mlungu wonsewo amuna awo madzi osamba ankadzitungira okha.

Mkuwawo unafika m'chaka cha 2008, chaka chimene m'masitolo munali mashelefu okhaokha. A Kamwaza anausunga m'kachitini ka fodya, kudikira tsiku lowala bwino loti diso liwalole.

Tsikulo litafika, anatsegula kachitini napeza mulibe kanthu. Anagwedeza, anasuzumira, anakuntha pa tebulo. Potuluka kuti akakuwe bwino, anaponda tupa yawo ili pansi pafupi ndi mwala wochapira, ndipo pamwalapo panali fumbi lachikasu lonyezimira. Sanafunikire kuuzidwa. Mwana wawo Gadi, chimunthu cha ndevu zake, anali korokoza, mmodzi wa okumba golide m'maenje osiyidwa, ndipo maenjewo anali atauma, golide akusowa. Anali atapala mkuwa wa lole ya agogo ake n'kuusakaniza ndi golide kuti sikelo ilemere.

Mtima wa a Kamwaza unachita kuwira. Anatulutsa bulangete la Gadi, nsapato zake ndi fosholo, naziponya pamsewu. Anadula chidutswa cha payipi yothirira n'kukhala nacho pakhomo. "Lero mwana ndilibe," anauza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse. "Mampara, chitsiru! Mbava yobera wakufa!"

Dzuwa litapendeka, Gadi anafika, koma osati ndi miyendo yake. Anzake awiri anamukankha pa wilibala, namutula pakhomo n'kubwerera mofulumira. Ogula golide sapusitsidwa ndi mwana wa m'komboni. Anadonthezera asidi pa fumbilo, linasanduka lobiriwira, ndipo anamugoneka dzanja pamwala n'kulitswanya ndi mpini wa piki. Zala zitatu zinaloza kosiyanasiyana. Kukiliniki anawabweza, kunalibe pulasitala, bandeji ngakhale panado.

A Kamwaza anaimirira, payipi ili m'manja. "Mkuwa wanga uli kuti, iwe?"

"Baba," anatero Gadi, mano ali gwa ndi ululu, "mumba hamuna chinhu, m'nyumba mulibe kanthu. Amai akugonera chakata, zipatso zolimbirana ndi abulu, inu muli pa tebulo kumanga chidole."

Liwu lija linatuluka, pamaso pa anthu amene anali atadzaza kale pampanda. A Salome anagwira pakamwa. A Kamwaza anakweza payipi, naimenyetsa pa wilibala mpaka inalira ngati belu la shifiti. Anamenyanso, namenyanso. Anakwiyira Gadi chifukwa chakuba, anamukwiyira koposa chifukwa chonena zoona, anakwiyira mgodi, ogula golide, dziko lonse limene linafikitsa mdzukulu wa a Sixpence pa wilibala.

A Salome anathamanga n'kuthyola timitengo ta mabulosi kuti amangire zalazo. Amuna awo anatilanda n'kutiponya kutali. "Aikona! Tokhota chonchi? Mukufuna apole ngati phazi la nkhuku?" Anafufuza m'nyumba monse chinthu chowongoka, chopyapyala, cholimba. Matabwa onse anali atapita kale pamoto chiyambire kuzima kwa magetsi. Maso awo anagwera pa tebulo.

Anatenga kampeni kawo kodulira pulasitiki, naika rula pachikuto cha chibuku chija, n'kudula. Anadula timizere tofanana ndendende, monga ankachitira ntchito iliyonse, ndipo buku litataya msana linamasuka, masamba n'kumwazika pansi. A Salome anawola tsamba lakuda lija n'kulibisa m'chitenje. A Kamwaza sanatembenuke.

"Bweretsa dzanjalo, galu iwe."

Anakoka chala chilichonse n'kuchibwezera m'malo mwake, Gadi akukuwa kuitana amake m'Chishona. Anapanira timizere tachikuto tija uku ndi uku, namanga ndi nsanza za malaya awo a tchalitchi, pakamwa posapuma: wakuba, chitsiru, wopanda ulemu. Pa mfundo yomaliza anaphonya chingwe, naphonyanso, chifukwa sankachiona. Anachita kupapasa.

Leticia sanatumizenso mkuwa, ndipo a Kamwaza sanapemphe. Pofika nthawi ya mvula diso lakumanja linali litatsekeka. Gadi anapola, zala zowongoka bwinobwino, nabwerera kumaenje, koma bambo ake sanamukhululukire ndi pakamwa mpaka lero. Lole ya a Sixpence ili pamwamba pa kabati, kutsogolo kwake kuli chibowo, ndipo m'mawa uliwonse nkhalambayo imailondola ndi chala mpaka pamene pakuthera pulasitiki. Mlendo akafunsa chifukwa chake sinamalizidwe, a Kamwaza amatembenuzira nkhope kumene akumva mawu a mwana wawo.

"Funsani mbava iyo," amatero. "Zala ili nazo."